Ulendo wa Panjinga wa Masiku Angapo pa Phiri la Zomba ndi Madera Ozungulira

Ulendo wa panjinga wa masiku angapo ndi mtundu wa tchuthi chimene kagulu ka anthu kamayenda pa njinga zakapalasa tsiku ndi tsiku, kuchoka pamalo ena kukagona pena, kali ndi wotsogolera wodziwa bwino deralo. Si mpikisano, ndipo wofika msanga salandira mphoto. Okwera amangonyamula madzi, kachakudya ndi chovala cha mphepo, pamene zikwama, matayala apadera ndi bokosi la mankhwala zimatsatira pa galimoto. Malo ogona amakhala atakonzedweratu, ndipo mtunda wa tsiku lililonse amauyeza molingana ndi mphamvu za gululo. Maulendo otere ndi ofala m'mapiri a Alps ndi Pyrenees ku Ulaya. Kuno ku Africa wodziwika kwambiri ndi Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003, wochokera ku Cairo kukathera ku Cape Town. Kwa zaka zambiri okwera ake akhala akulowa m'Malawi pa chipata cha Songwe, n'kudzera ku Karonga, Mzuzu ndi Lilongwe, kenako n'kutulukira ku Mchinji. Njira imeneyo siifika m'chigawo chakummwera, chonsecho kummwerako n'kumene kuli dera limodzi loyenerera kwambiri ulendo wotere, ndilo Zomba.

Ubwino wa Zomba uli m'kakhalidwe ka malo ake. Mzindawu uli m'tsinde mwa phiri, pamtunda wa mamita oposa 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Pamwamba pa phiri pali chidikha chachikulu cha nkhalango, udzu, mitsinje ndi madamu, ndipo nsonga yake yaitali koposa, Malumbe, imapitirira pang'ono mamita 2,080. Kummawa kuli chigwa chotakasuka chimene chimakathera ku nyanja ya Chilwa. Kumadzulo phirili limatsika ndi maphompho kulowa m'chigwa cha Shire. Kumpoto, kutsidya kwa chigwa cha mtsinje wa Domasi, kuli phiri la Malosa, ndipo kummwera chakummawa kumaoneka Mulanje. Malo onsewa ndi otalikirana mtunda woti munthu wa panjinga n'kufikako tsiku limodzi kapena awiri. Choncho gulu likhoza kudzuka m'nkhungu ya pamwamba pa phiri, masana n'kukhala likupalasa pakati pa minda ya mpunga, popanda kukwera galimoto ngakhale pang'ono.

Palibe njira imodzi yoikika. Otsogolera amakonza ulendo molingana ndi masiku amene gulu lili nawo komanso luso la okwera, koma kawirikawiri dongosolo labwino limayambira mumzinda, n'kukwera phiri, n'kutsikira m'zigwa pomaliza.

Tsiku loyamba n'loyesa njinga ndi miyendo. Wotsogolera amaona ngati chishalo cha aliyense chili pamlingo woyenera, chifukwa chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo pachitunda, pamene chokwera kwambiri chimagwedeza chiuno. Amayesa mabuleki, magiya ndi tcheni, kenako amatengera gulu m'misewu ya kumtunda kwa mzinda, imene ndi yokhotakhota, ya mithunzi, ndiponso ya zitunda zazifupi zokwanira kumuonetsa amene ali ndi mphamvu ndi amene adzafune kudikiridwa. M'misewu imeneyi ndi mmenenso muli mbiri ya dziko lino. Zomba inali likulu la boma kuchokera mu 1891, nthawi ya atsamunda, kufikira mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inapitiriza kukumana ku Zomba mpaka mu 1994. Nyumba imene lero ndi Hotel Masongola inamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan kuti muzikhala kazembe wa Britain. Munsi mwake muli munda wa zomera umene Alexander Whyte anauyamba mu 1891, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umadutsa pakati pake. Chapafupi pali nyumba yakale ya malamulo. Polowa mumzinda kuchokera ku Blantyre pali chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo kumunsi kuli University of Malawi, imene ambiri amaidziwabe ndi dzina la Chancellor College. Wotsogolera wodziwa ntchito amachenjezeratu alendo kuti asajambule zithunzi pa Cobbe Barracks, pa ndende yaikulu kapena pa nyumba ya boma. Tsikuli limathera kumsika waukulu, kumene gulu limagula nthochi, mtedza ndi mbatata za mawa lake.

Chitunda chopita ku Chawe

Tsiku lokwera phiri ndilo limaopsa ambiri asanayambe, ndiponso ndilo amalikumbukira kwambiri akabwerera kwawo. Kuchoka mumzinda kukafika pa hotela ya Sunbird Ku Chawe, imene ili m'mphepete mwa chidikha, ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo pamtunda umenewu msewu umakwera mamita pafupifupi 600. Ndiye kuti pa mamita 100 alionse amene munthu wapalasa, amakhala atakwera mamita 6, ndipo malo opumulirapo miyendo ndi ochepa. Kale kunali misewu iwiri yopapatiza, wina wokwerera wina wotsikira. Masiku ano magalimoto amadzera umodzi wa tala umene anaukuza, ndipo oyenda pansi ambiri amadzera njira yachidule yotchedwa Potato Path, imene alimi ankatsitsira mbatata kumsika. Njira yachiduleyo si ya njinga, pokhapokha munthu atalolera kuinyamula paphewa.

Chinsinsi cha chitunda chachitali ndi magiya ndi kuleza mtima. Njinga ya m'mapiri imakhala ndi magiya opepuka amene amalola miyendo kuzungulira mofulumira koma mosalemedwa, njinga ikuyenda pang'onopang'ono. Wokwera amene amakakamira giya yolemera amaoneka wamphamvu pa kilomita yoyamba, koma pofika yachinayi minofu imakhala itauma. Muyeso wosavuta ndi wakuti munthu azipalasa pa liwiro limene angathe kulankhula ndi mnzake osabanika. Ayenera kumwa madzi asanamve ludzu ndi kudya kanthu ola lililonse asanamve njala, pakuti mphamvu zikatheratu m'thupi sizibwerera msanga ngakhale munthu adye. Wozolowera pang'ono amakwera chitundachi pa ola limodzi ndi theka kapena awiri. Kutsika n'kumakankha njinga pamalo ovuta si chamanyazi, ndipo amene watheratu amakwera galimoto yotsatira.

Apa ndi pamene ntchito ya wotsogolera imaonekera. Pachitunda gulu limamwazikana, amphamvu patsogolo, ofooka kutali m'mbuyo. N'chifukwa chake gulu lokonzedwa bwino limakhala ndi otsogolera awiri: wina patsogolo amene palibe wololedwa kumupitirira, wina kumapeto amene sasiya munthu m'mbuyo mwake. Amagwirizaniratu malo odikirirana, ndipo akafika wotsiriza amamupatsa nthawi yopuma, osati kunyamuka iye atangofika. Kachinthu aka kamaoneka kakang'ono, koma maulendo ambiri amawonongekera pomwepa, chifukwa wofooka akamasowa mpumulo pa malo alionse amafika madzulo atatheratu ndipo mawa lake safunanso kukwera.

Msewu umenewu si wa alendo okha. M'mawa uliwonse mumatsika amayi atasenza mitolo yaitali ya nkhuni, ndi abambo ataunjika nkhuni kapena matabwa pa njinga mpaka kupitirira mutu. Njinga zawo n'zopanda magiya, ndipo katunduyo ndi wolemera kotero kuti sangaime mwadzidzidzi. Mlendo wopalasa mosangalala ayenera kuwapatukira, kuyenda kumanzere kwenikweni, ndi kusadula makona. Anthu amenewa ali pantchito, ndipo amaudziwa msewuwo kuposa aliyense. Chakumtunda, pafupi ndi hotela, kumakhala ogulitsa zipatso za paphiri monga masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, ogulitsa ziboliboli, ndi ogulitsa miyala yonyezimira imene yambiri imakumbidwa ku Malosa.

Pamwamba pa chidikha

Pamwamba mpweya umasintha. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, choncho wochoka mumzinda ali thukuta amafika pamwamba akufuna juzi. Misewu ya pachidikha ndi yadothi, yambiri inalambulidwa kuti muzidutsa magalimoto a zankhalango, ndipo imagawikana malo ambiri popanda zikwangwani. Mitengo ikadulidwa dera lina, maonekedwe a malo amasinthiratu, njira zatsopano n'kutseguka, zakale n'kumera tchire. Nkhungu ikagwa munthu saona ngakhale mamita ochepa patsogolo, ndipo m'mphepete mwa chidikha muli maphompho. Pa zifukwa zimenezi, kuyenda pamwambapa popanda wotsogolera wa komweko n'kudziika pangozi yosafunikira.

Gulu limachita bwino kugona pamwamba masiku awiri, kuti tsiku lathunthu likhale lozungulira chidikha. Poyambira pabwino ndi damu la Mulunguzi, limene linamalizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo ndilo limamwetsa mzinda wa Zomba. Kuchoka apo njira imatsata mtsinje kudutsa mathithi a Mandala, malo oweterako nsomba za trout zimene atsamunda anabweretsa chifukwa zimafuna madzi ozizira, mpaka ku mathithi a Williams. M'mphepete mwa mtsinjewu ndi mmene mwatsala nkhalango yachilengedwe ya mitengo italiitali, ndipo okonda mbalame amabwera kuchokera kutali kudzafuna mitundu yosowa, monga kambalame kotchedwa white-winged apalis kamene kamapezeka m'nkhalango zochepa chabe za m'Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Anyani ndi apusi amaoneka kawirikawiri.

Msewu ukapitirira damu laling'ono la Chagwa umafika kumphepete kwakummawa, kumene kuli malo awiri oonerapo patali. Queen's View inatchedwa dzinali pokumbukira ulendo wa Queen Elizabeth, mayi wake wa Elizabeth II, mu 1957. Emperor's View ndi pamene anaima Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, atabwera m'Malawi mu 1965, ndipo mpaka lero a chipembedzo cha Rasta amalemekeza malowa. Kukakhala kopanda utsi, munthu ataima apa amaona mzinda wonse pansi pake, chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, komanso phiri la Mulanje kutsidya. Kwa gulu la panjinga malowa ali ndi phindu lina: wotsogolera amatha kuloza ndi chala njira yonse ya masiku otsatira.

Mbali yakumadzulo ndi yotalikira ndiponso yamiyala. Kumeneko kuli dzenje la Chingwe, phanga lolowa pansi molunjika limene lazunguliridwa ndi mitengo. Anthu a m'derali amasimba kuti kale mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati ankaponyamo odwala khate. Nkhanizi zimasiyana malinga ndi wosimba, ndipo wotsogolera wabwino amazipereka monga nkhani za makolo, osazikometsera kuti asangalatse alendo. Pafupi ndi dzenjeli pali phompho loyang'ana chigwa cha Shire, kumene mtsinjewo umaoneka ukunyezimira chakumadzulo dzuwa likapendeka. Kuchoka kuno kubwerera ku Chawe ndi mtunda ndithu, ndipo m'mwezi wa June dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko madzulo, choncho gulu liyenera kunyamuka nthawi ikadalipo.

Wopalasa pachidikhachi sangalephere kuona zitsa. Nkhalango ya Zomba ndi imodzi mwa zoyambirira kutetezedwa ndi lamulo m'dziko lino, ndipo m'zaka za m'ma 1900 boma linabzala mitengo ya paini pa dera lalikulu kuti lizicheka matabwa. Yambiri mwa mitengoyo yadulidwa mofulumira kuposa mmene ikubzalidwira, ndipo moto wa m'chilimwe umapsereza mbande zisanakule. Nkhaniyi ndi yoposa kukongola kwa malo. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imachokera m'phirili, ndipo ndiyo imamwetsa mzinda, kuthirira mpunga m'chigwa, ndi kudzaza nyanja ya Chilwa. Phiri likakhala lopanda mitengo madzi a mvula amathamanga nthawi imodzi atanyamula dothi, mitsinje n'kuphwa msanga m'chilimwe. Bungwe la TREEZ, limene linayambira pa Zomba Forest Lodge, limagwira ntchito ndi midzi ya m'tsinde mwa phiri pobzala mitengo ndi kuteteza moto, mwa zina pothandiza matimu a mpira omwe amasamalira zigawo za nkhalango, ndipo limachititsa mpikisano wothamanga wa Run 4 Reforestation. Gulu la panjinga limene lagona ndi kudya paphiri, n'kulipira otsogolera a komweko, limathandiza kuti mtengo woimirira ukhale ndi phindu kwa anthu amene akanaudula.

Mtsetse ndi zigwa

Ngozi zambiri pa maulendo a m'mapiri zimachitika potsika, osati pokwera. Mtsetse wochoka ku Chawe ndi wautali ndipo uli ndi makona obisika. Wokwera akagwira mabuleki osalekeza, mabulekiwo amatentha n'kuyamba kuterera. Njira yabwino ndi kugwira mwamphamvu pang'ono, kusiya, n'kugwiranso, ndi kuchepetsa liwiro asanalowe pakona osati ali pakati pake. Buleki yakutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu yoimitsa njinga, koma kuigwira yokha mwadzidzidzi kumamuponya munthu kutsogolo, choncho onse awiri azigwira limodzi, thupi litakankhidwira m'mbuyo. Okwera amasiyana mipata yaikulu, palibe kupitirirana pakona, ndipo chipewa choteteza mutu chimavalidwa nthawi zonse. Wotsogolera amaimitsa gulu kamodzi kapena kawiri kuti mabuleki azizire ndi manja apume.

Kuchoka mumzinda, njira ya ku nyanja ya Chilwa imapatuka pa Matawale n'kulowera kummawa mpaka pa doko la Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Dera ili ndi lafulati, lotentha, lafumbi, ndipo njinga ndiyo galimoto ya aliyense. Imanyamula matumba a mpunga, madengu a matemba, mbuzi, odwala opita kuchipatala ndi ana a sukulu. Akabaza amadikirira pamphambano iliyonse, ndipo pa msika uliwonse pali wokonza njinga pansi pa mtengo, ali ndi pampu, zigamba, guluu ndi masipoko. Amisiri amenewa amamata chubu ndi kuwongola limu mwaluso, koma zipangizo za njinga zamakono, monga mabuleki oyendera mafuta, sakhala nazo, n'chifukwa chake galimoto yotsatira imanyamuliratu zapadera. M'chigwa chomwechi muli ndende ya Mikuyu, kumene boma la chipani chimodzi linkatsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anakhala m'menemo kuchokera mu 1987 mpaka 1991.

Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo kukula kwake kumadalira mvula ya chaka chimenecho. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso. Madzi akakhalapo, asodzi amapha matemba, milamba ndi makumba, ndipo madambo ake amasunga mbalame zam'madzi zochuluka, chimene chinachititsa kuti akhale malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Pa Kachulu gulu likhoza kusiya njinga n'kukwera bwato kupita pa chilumba cha Chisi. Kusambira m'madzi amenewa n'kosayenera chifukwa cha likodzo, ndipo ogona m'chigwa ayenera kugona m'masikito, pakuti udzudzu ndi wambiri kuno kusiyana ndi pamwamba pa phiri.

M'midzi muli malamulo amene salembedwa pa chikwangwani. Masamba akayalidwa modutsa msewu ndiye kuti pali maliro, ndipo wa panjinga amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha njinga mwakachetechete mpaka atapitirira masamba achiwiri. Kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha amfumu. Munthu asanajambulidwe amapemphedwa kaye. Makabudula othina a okwera njinga ndi abwino pachishalo, koma pamsika kapena pakhomo la mfumu amayi amachita bwino kumangirapo chitenje, makamaka m'madera amene muli Asilamu ambiri. Ana amathamangira gulu la njinga akukuwa mosangalala, ndipo chizolowezi cha alendo ena chowaponyera maswiti kapena ndalama n'choipa: chimawaphunzitsa kupempha ndipo chimawakokera pamsewu pomwe pali ngozi. Wofuna kuthandiza apereke kudzera kwa aphunzitsi kapena amfumu. Zonsezi mlendo wochokera kunja sangazidziwe yekha, ndipo ngakhale Mmalawi wokulira m'tauni zina amaziphonya.

Masiku otsiriza gulu limasankha kolowera. Njira yakumpoto imatsata msewu wa M3 kupita ku Liwonde, makilomita oposa pang'ono 50. Imadutsa Songani ndi Domasi, kumene amishoni a Church of Scotland anatsegula mishoni mu 1884 ndipo lero kuli Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education, kenako Malosa, kumene kuli chipatala cha St Luke's cha mpingo wa Anglican. Phiri limakhala kumanzere ulendo wonse, ndipo kupitirira boma la Machinga msewu umatsika kulowa m'chigwa cha Shire, kumene kumayamba kuoneka milambe. M3 ndi msewu wa mabasi ndi malole, choncho okwera amayenda mondondozana, galimoto yawo ili m'mbuyo kuwatchinjiriza, ndipo pamene pali njira za m'midzi zoyenda mbali imodzi ndi msewuwo wotsogolera amasankha zimenezo. Ku Liwonde njinga zimapuma. M'nkhalango ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2015, muli njovu, zipembere ndi mikango imene inabwezeretsedwamo mu 2018, ndipo alendo amaona nyama ali pa galimoto kapena pa boti mumtsinje wa Shire.

Njira yakummwera ndi yaitali: msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale uli ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo gulu wamba limaugawa masiku awiri. Mulanje amakula pamaso pa okwera ola ndi ola. Olimba miyendo amakhotera pa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Michesi ndi Mulanje, pamene atsamunda anamanga linga mu 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo yopita ku Quelimane. Madera amenewa ndi ena mwa amene anasakazidwa kwambiri ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, ndipo zipsera za zigumukire zimaonekabe m'mbali mwa mapiri. Ulendo umathera m'minda ya tiyi, pansi pa phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yaitali mamita 3,002.

Nyengo, njinga ndi kukonzekera

Nyengo yabwino koposa ndi kuyambira May mpaka August. Mvula imakhala itatha, misewu yauma, dziko likadali lobiriwira, ndipo mpweya ndi woyera moti mapiri akutali amaoneka bwino. M'miyezi ya June ndi July pamwamba pamazizira kwambiri usiku, ndipo chiperoni chikhoza kubweretsa nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo, kotero jekete yosalowa madzi isasiyidwe. Kuyambira September mpaka November kumatentha, makamaka ku Chilwa ndi ku Liwonde, ndipo utsi wa moto wa tchire umaphimba zoona patali. Opita nthawi imeneyi amanyamuka m'bandakucha kuti dzuwa likamafika paliwombo akhale atafika. M'dzinja, kuyambira December mpaka April, dothi lofiira la paphiri limaterera ndi kumata m'matayala, ndipo mitsinje ya m'chigwa imadzaza mwadzidzidzi.

Njinga yoyenera ndi ya matayala akuluakulu a mano, ya magiya opepuka ndi mabuleki odalirika. Siyenera kukhala yodula. Ku Zomba komweko bungwe la Africycle lakhala likukonza ndi kugulitsa njinga zakale zochokera ku Canada, ndipo zina mwa izo ndi za m'mapiri. Njinga yolimba yonyamulira katundu, monga Buffalo, imayenda bwino m'chigwa cha Chilwa koma pachitunda cha ku Chawe imalemera. Thupi nalo limafuna kukonzekera. Chimene chimavutitsa atsopano si mtunda wa tsiku limodzi koma kudzuka mawa lake n'kukhalanso pachishalo, choncho wofuna kupita ayambe milungu ingapo m'mbuyo kupalasa masiku awiri otsatizana, ndi kufunafuna zitunda m'malo mozilambalala. Amene ali ndi vuto la mtima, la kuthamanga kwa magazi kapena la shuga aonane ndi dokotala asanalembetse, ndipo amuuze wotsogolera mankhwala amene amamwa. Chakudya cha m'njira sichisowa: nsima madzulo, phala kapena mbatata m'mawa, nthochi, mtedza, chinangwa ndi zitumbuwa masana. Madzi akumwa akhale owiritsa, othira mankhwala kapena a m'botolo.

Asanalipire, wolembetsa afunse zinthu zingapo momveka: ngati mtengowo ukuphatikiza njinga, malo ogona, chakudya ndi zolipira polowa m'nkhalango; ngati pali galimoto yotsatira tsiku lililonse; ngati wotsogolera anaphunzira chithandizo choyamba; ndiponso chipatala chimene angathamangireko pa gawo lililonse la ulendo. Kufupi ndi mzinda ndi Zomba Central Hospital, kumpoto ndi St Luke's ndi chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde. Afunsenso kuti otsogolera, ophika ndi okonza njinga ndi ochokera kuti, ndipo amalipidwa bwanji, chifukwa ulendo umene ndalama zake zonse zimathera ku Lilongwe kapena kunja susiya kanthu kwa eni phiri.

Anthu ambiri amaganiza kuti tchuthi chotere ndi cha alendo ochokera kunja, ndipo n'zoona kuti mitengo ya mahotela ena ndi yosafikirika kwa Amalawi ambiri. Koma dongosolo lake silifuna chuma chambiri. Pamwamba pa phiri pali malo omangapo matenti ndi nyumba zogona za mitengo yosiyanasiyana, m'matauni a m'njira muli malo ogona alendo otsika mtengo, ndipo galimoto yotsatira ikhoza kukhala ya mmodzi wa gululo. Mpikisano wa njinga za m'mapiri wa ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, waonetsa kale kuti okwera aluso m'dziko muno alipo. Gulu la achinyamata a mpingo, ogwira ntchito pamalo amodzi kapena ophunzira a ku yunivesite likhoza kukonza ulendo wa masiku atatu, mzinda, phiri ndi Chilwa, pa ndalama zosonkherana. Pamene sayenera kuumira ndi pa wotsogolera wa komweko, zipewa zoteteza mutu ndi mabuleki abwino.